Mafunso ndi mayankho: Akatolika, ziboliboli za m'tchalitchi ndi ulemu wopita kwa oyera

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene Akatolika amafunsidwa kawirikawiri ndi anzawo a mipingo ina. Ena mwa iwo Akatolika eniake amadzifunsa chamumtima, koma osawatulutsa. Mayankho ake achokera pa zimene Mpingo wa Katolika umaphunzitsa. Amene sali Mkatolika akhoza kukana kuvomereza, koma akamatsutsa azitsutsa chimene Mpingo umanenadi, osati mphekesera.

Kodi Akatolika amapembedza mafano?

Ayi. Wopembedzedwa ndi Mulungu yekha: Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adatuluka mu 1992, amati kupembedza fano ndi kutenga cholengedwa n'kuchiika pamalo pa Mulungu. Pa ndime 2113 amatchula zitsanzo zake, ndipo pakati pa zitsanzozo pali ziwanda, ulamuliro, zosangalatsa za thupi, mtundu wa munthu, boma ndi ndalama.

Komabe kungoti ayi sikuthetsa nkhani. Wofunsayo adaona yekha munthu atagwada patsogolo pa chiboliboli, makandulo akuyaka, milomo ikugwedera. Chimene adaonacho n'choona, ndipo chiyenera kufotokozedwa.

Nanga kupembedza ndi kulemekeza zikusiyana pati?

Zimasiyana pa nsembe, ndiponso pa chimene munthu akupempha. Aphunzitsi a Mpingo adatenga mawu atatu ku Chigriki. Latria ndi chipembedzo choyenera Mulungu yekha. Dulia ndi ulemu wopatsa angelo ndi oyera. Hyperdulia ndi ulemu wapadera wopatsa Maria. Ulemu wachitatuwu si chipembedzo chochepetsedwa ayi. Maria ndi cholengedwa, ndipo ngakhale mutamukweza chotani, sangawoloke malire a pakati pa Mlengi ndi zolengedwa.

Augustine, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene adamwalira mu 430, adakumana ndi anthu onena kuti Akhristu angochotsa milungu yakale n'kuikapo amaritiri, anthu ofera chikhulupiriro. Iye adawabwezera funso: ndani adamvapo wansembe ataima pa guwa, ngakhale guwa lomangidwa pamanda a munthu wofera chikhulupiriro, akunena kuti nsembe iyi ndikupereka kwa iwe Petro, kwa iwe Paulo, kapena kwa iwe Cyprian? Mpaka lero funsolo lilibe woliyankha. Misa ya pa tsiku la Petro Woyera imaperekedwa kwa Mulungu Atate, kudzera mwa Yesu Khristu. Dzina la Petro limangotchulidwa pothokoza Mulungu amene adamupatsa mphamvu.

Tcherani khutu usiku wa Pasaka, kapena pamwambo wodzoza wansembe, pamene maina a oyera akuimbidwa motsatizana. Poyamba anthu amati "Ambuye mutichitire chisoni". Woimba akafika pa Maria, pa Mikaeli, pa Yosefe, pa atumwi, yankho la mpingo limasintha n'kukhala "mutipempherere". Palibe woyera amene amauzidwa kuti atikhululukire machimo kapena atipulumutse. Onse amapemphedwa chinthu chimodzi, kuti apemphere.

Koma Eksodo 20 akuletsa kupanga chifaniziro cha chinthu chilichonse. Mumaziwerenga bwanji?

Vesi 4 ndi 5 zimayendera limodzi: usadzipangire fano, usaligwadire, usalitumikire. Choletsedwa ndi kupanga chinthu kuti chikhale mulungu wako, monga adachitira Aisraele ndi mwanawang'ombe wagolide pa mutu 32, pamene adalengeza kuti ndiye adawatulutsa ku Ejipito, nampereka nsembe.

Lamuloli likadakhala loletsa chosema chilichonse, bwenzi Mulungu akudzitsutsa yekha. Pa mutu 25 wa buku lomwelo akulamula Mose kuti asule akerubi awiri agolide, aikidwe pa chivundikiro cha Bokosi la Chipangano, malo oyera kuposa ena onse. M'Nyumba ya Mulungu imene adamanga Solomoni mudali akerubi awiri osemedwa pa mtengo wa olivi, aliyense wotalika mikono khumi. Pa makoma adazokotapo akerubi, mitengo ya kanjedza ndi maluwa, ndipo panja thanki yaikulu yamkuwa idakhala pamsana pa ng'ombe 12 zamkuwa. Zonsezi zili pa 1 Mafumu 6 ndi 7.

Nkhani yofunika kwambiri ndi ya njoka yamkuwa. Pa Numeri 21 Mulungu adauza Mose kuti aipange n'kuipachika pamtengo, kuti wolumidwa ndi njoka akaiyang'ana achire. Yesu mwini adadzifanizira ndi njokayo pa Yohane 3:14. Koma patapita zaka mazana, mfumu Hezekiya adaiphwanya, chifukwa anthu adali atayamba kuifukizira lubani ngati mulungu, ndipo 2 Mafumu 18 amamuyamikira pa zimenezo. Mkuwa udali womwewo. Chidasintha ndi mitima ya anthu. Nkhaniyi imadzudzula wonena kuti chosema chilichonse n'choipa, imachenjezanso Mkatolika woganiza kuti chinthu chodalitsidwa sichingasanduke fano.

Ndidamva kuti Akatolika adafufuta lamulo lachiwiri. N'zoona?

Kutsutsa galu n'kukumba. Tsegulani Baibulo lililonse la Akatolika pa Eksodo 20:4 kapena pa Deuteronomo 5:8, mupeza mawu onse alipo. Chimene chimasiyana ndi kawerengedwe. Baibulo limati malamulowo ndi khumi, koma siliwapatsa manambala, ndipo mukawerenga ziganizo zonse zolamula zimapitirira khumi.

Akatolika ndi Alutera amatsata kagawidwe ka Augustine. Kusakhala ndi milungu ina ndi kusapanga mafano amakuwerenga ngati lamulo limodzi, kenaka amagawa pawiri za kusirira. Akatolika amaika mkazi wa mnzako payekha, katundu wa mnzako payekha, monga Deuteronomo 5:21 amasanjira. Mipingo ya Orthodox, ya Anglican ndi yotsata chiphunzitso cha Calvin imaika za mafano pa lamulo lachiwiri n'kuphatikiza za kusirira. Ayuda nawonso ali ndi kawerengedwe kawo, ndipo pa mfundo iyi amafanana ndi Akatolika, pakuti za milungu ina ndi za mafano amaziika pamodzi. Mphekeserayi imayamba chifukwa timabuku ta katekisimu ta ana timafupikitsa lamulo lililonse kuti lilowezeke msanga.

Kodi Akhristu oyamba adali ndi zithunzi?

Apa tisakokomeze. Atumwi sadasiye ziboliboli, ndipo Akhristu oyambirira, pokhala pakati pa anthu opembedza mafano, ankachita nazo mantha. Aepiskopi amene adasonkhana ku Elvira m'dziko la Spain kuchiyambi kwa zaka za m'ma 300 adaletsa kujambula zithunzi pa makoma a matchalitchi awo. Komabe pofika nthawi imeneyo zithunzi zidalipo kale kwina. M'manda apansi a ku Rome muli zojambula za m'zaka za m'ma 200: Mbusa Wabwino atasenza nkhosa, Yona ndi chinsomba, Daniele pakati pa mikango. Ku Dura-Europos m'dziko la Syria kudapezeka nyumba imene Akhristu adaisandutsa tchalitchi cha m'ma 240, ndipo pa makoma a chipinda chobatiziramo pali Yesu akuchiritsa wofa ziwalo ndi Yesu akuyenda pamadzi.

Chimene chidatsegula njira ndi kubadwa kwa Yesu. Pa Deuteronomo 4:15 Mose akupereka chifukwa choletsera kujambula Mulungu: pa phiri paja simudaone maonekedwe aliwonse. Koma Mawu atasanduka munthu, anthu adamuona, adamukhudza, adadya naye. Paulo akumutchula chithunzi cha Mulungu wosaoneka pa Akolose 1:15. Amene adaoneka ndi maso akhoza kujambulidwa.

Cha m'ma 600, episkopi Serenus wa ku Marseille adaphwanya zithunzi m'matchalitchi mwake ataona anthu akuzipembedza. Papa Gregory Wamkulu adamulembera kalata yomuyamikira poletsa kupembedzako, koma yomudzudzula pa kuphwanyako. Adati chimene buku limachita kwa wodziwa kuwerenga, chithunzi chimachita kwa wosadziwa.

Kodi nkhaniyi Akhristu adagwirizanapo liti?

Idatenga zaka zoposa 100, ndipo mwazi udakhetsedwa. Cha m'ma 730 mfumu Leo III ya ku Constantinople idaletsa zithunzi zachipembedzo. Mwana wake Constantine V adaitanitsa msonkhano ku Hieria mu 754 umene udazitemberera, ndipo amonke ambiri okana kumvera adazunzidwa. Wozitchinjiriza mwamphamvu adali John wa ku Damascus, amene ankakhala m'dera lolamulidwa ndi Asilamu, kumene dzanja la mfumuyo silinkafika. Mfundo yake idali yakuti iye sapembedza mtengo kapena utoto, koma Mlengi wa zinthuzo, amene adavala thupi chifukwa cha ife.

Mu 787, pa nthawi ya mfumukazi Irene ndi Papa Adrian I, aepiskopi oposa 300 adakumana ku Nicaea. Adagamula kuti zithunzi za Yesu, za Maria, za angelo ndi za oyera zikhoza kupatsidwa ulemu, koma osati chipembedzo, ndipo kuti ulemu wopatsa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho. Chiletso chidabweranso mu 815, n'kudzatheratu mu 843 pansi pa mfumukazi Theodora. Akhristu a Orthodox amakumbukira tsikulo chaka ndi chaka, Lamulungu loyamba la Lenti.

Mkanganowu udabukanso ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Zithunzi zidachotsedwa kapena kuphwanyidwa ku Wittenberg mu 1522, ku Zurich mu 1524, ndi ku Netherlands mu 1566. Martin Luther sadagwirizane ndi kuphwanyako, koma Zwingli ndi Calvin adakaniratu zithunzi m'nyumba zopemphereramo. Msonkhano wa aepiskopi a Katolika ku Trent udayankha mu Disembala 1563, ndipo mawu ake ndi osapsatira: m'zithunzi mulibe umulungu kapena mphamvu iliyonse, siziyenera kupemphedwa kanthu, ndipo munthu asaike chikhulupiriro chake mwa izo.

Ngati zilibe mphamvu, bwanji mumazigwadira ndi kuzipsompsona?

M'Baibulo kugwada pakokha sikutanthauza kupembedza. Abrahamu adawerama pamaso pa Ahiti pogula manda a Sara. Yakobe adawerama kasanu ndi kawiri pokumana ndi Esau. Mneneri Natani adagwada mpaka nkhope pansi pamaso pa mfumu Davide. Koma pamene Kornelio adagwa pamapazi a Petro momuyesa woposa munthu, Petro adamudzutsa, ndipo mngelo adakaniza Yohane chimodzimodzi pa Chivumbulutso 19:10. Mawondo ndi omwewo, koma chimene munthuyo akuganiza za amene ali patsogolo pake ndicho chimaweruza.

Mukafuna kudziwa chimene Akatolika amapembedza, aonereni polowa m'tchalitchi. Bondo lamanja limagunda pansi moyang'ana tabernakulo, kabokosi kosungiramo Ukaristia, mkate wopatulidwa pa Misa, pamene pamayaka kanyale usana ndi usiku. Chiboliboli cha Yosefe chili pambalipo amangochidutsa, mwina kuweramitsa mutu pang'ono. Bwererani pa Lachisanu Loyera. Ukaristia adauchotsa dzulo lake, kachitseko kali chitsegukire, mkati mulibe kanthu, kanyale kazima. Tsiku limenelo palibe wogwadira kabokosiko, pakuti Mwini wake mulibe. M'matchalitchi ambiri ziboliboli zimakhala zitaphimbidwa ndi nsalu kuyambira Lamulungu lachisanu la Lenti, ndipo mapemphero amapitirira bwinobwino osaziona.

Pa Lachisanu Loyera lomwelo mtanda umabweretsedwa kutsogolo, n'kuvundukulidwa pang'onopang'ono, anthu n'kumabwera mmodzimmodzi kudzaupsompsona. Mlendo angadabwe. Koma wopsompsonayo akuthokoza Iye amene adafera pa mtanda, ndipo akudziwa bwino kuti mtengowo adaupala mmisiri.

Tinene poyera kuti Ukaristia wokha Akatolika amaupembedzadi, chifukwa amakhulupirira kuti ndi Yesu mwini, osati chizindikiro chake. Amene akufuna kukangana ndi Akatolika pa za chipembedzo, mkangano weniweni uli pamenepo, osati pa ziboliboli.

Paulo akuti mkhalapakati ndi mmodzi, Yesu Khristu. Oyera akulowapo bwanji?

Vesi limenelo ndi 1 Timoteo 2:5, ndipo Mpingo umalivomereza lonse. Yesu yekha ndiye Mulungu ndi munthu, Iye yekha ndiye adadzipereka kuombola onse. Koma werengani kuyambira vesi 1. Mutu womwewo ukuyamba ndi kulamula Akhristu kuti azipempherera anthu onse. Paulo mwini ankapempha Aroma, Aefeso ndi Atesalonika kuti amupempherere. Kupempherera mnzako sikulanda Yesu udindo, pakuti pempherolo limadzera mwa Iye.

Tsono funso limatsala ndi ili: kodi imfa imamuchotsa Mkhristu m'thupi la Khristu? Akatolika amati ayi. Yesu adati Mulungu wa Abrahamu, Isaki ndi Yakobe si Mulungu wa akufa koma wa amoyo. Pa Chivumbulutso 5:8 akuluakulu 24 akumwamba anyamula mbale zagolide zodzaza ndi lubani, ndipo lubaniyo ndi mapemphero a anthu a Mulungu. Yakobe 5:16 akuti pemphero la munthu wolungama lili ndi mphamvu, ndipo palibe wolungama padziko woposa amene watsiriza ulendo ali pamaso pa Mulungu. Buku lachiwiri la Amakabeo, limene lili m'Baibulo la Akatolika ndi la Orthodox, pa mutu 15 likuonetsa mneneri Yeremiya, amene adali atamwalira kalekale, akupempherera mtundu wake.

Chizolowezichi n'chakale. Pa makoma ena pansi pa tchalitchi cha San Sebastiano ku Rome pali mawu amene Akhristu wamba adazokota m'zaka za m'ma 200, opempha Petro ndi Paulo kuti awapempherere.

Kodi kumeneku si kulankhula ndi akufa, kumene Deuteronomo 18 amaletsa?

Choletsedwa kumeneko ndi kuitana mzimu wa wakufa kuti uulule zobisika kapena zam'tsogolo, monga adachitira Saulo kwa mkazi wa ku Endori. Mpingo wa Katolika umaletsanso zimenezo ndi kuombeza kwa mtundu uliwonse. Wopempha Antonio Woyera kuti amupempherere sayembekeza kuti Antonio atulukira kapena alankhula. Yankho amaliyembekezera kwa Mulungu.

Oyera sadziwa zonse, ndipo sali ponseponse. Amadziwa zimene Mulungu wawadziwitsa, poti ali mwa Iye. Yesu adati kumwamba kumakhala chimwemwe munthu mmodzi wochimwa akatembenuka mtima, kusonyeza kuti a kumwamba sali mumdima pa zochitika pansi pano.

Bwanji Maria mumamukweza chonchi?

Chifukwa cha Mwana wake. Msonkhano wa ku Ephesus mu 431 udavomereza kuti Maria azitchedwa Amayi a Mulungu, koma mkangano wake udali wokhudza Yesu: kodi mwana wobadwa mwa Maria ndi Mulungu weniweni kuyambira m'mimba? Dzinalo silitanthauza kuti Maria adakhalapo Mulungu asadakhale. Likutanthauza kuti mwana amene Maria adabala ndi Mulungu. Elizabeti adamutchula kale mayi wa Ambuye anga pa Luka 1:43, ndipo Maria mwini adati mibadwo yonse idzamutcha wodala.

Pemphero la Tikuoneni Maria, theka lake loyamba ndi mawu a mngelo Gabriele ndi a Elizabeti. Theka lachiwiri ndi pempho lakuti atipempherere ife ochimwa. Popemphera kolona munthu amasinkhasinkha moyo wa Yesu, kubadwa kwake, ntchito zake, masautso ake ndi kuuka kwake. Ziphunzitso ziwiri zimene zidalengezedwa mochedwa, chakuti Maria adatetezedwa ku tchimo lobadwa nalo, cha mu 1854, ndi chakuti adatengedwa kupita kumwamba thupi ndi mzimu, cha mu 1950, zonse zimanena zimene Mulungu adamuchitira, osati zimene adadzichitira yekha.

Kuti ena amapyola muyeso, zimenezo n'zoona, ndipo si za lero. M'zaka za m'ma 300 episkopi Epiphanius adadzudzula gulu lina limene linkapereka timikate kwa Maria ngati nsembe, nanena kuti Maria alemekezedwe, koma wopembedzedwa akhale Mulungu yekha. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican mu 1964 udachenjeza alaliki kuti apewe kukokomeza za Maria, apewenso kumuchepetsa. Ulaliki umene umamuonetsa Yesu ngati woweruza waukali amene amafunika kutonthozedwa ndi amayi ake achifundo ndi wolakwika, ngakhale utachokera pakamwa pa Mkatolika wodzipereka.

Yesu adauka. Bwanji akadali pa mtanda wanu?

Paulo adalembera Akorinto Yesu atauka kale, komabe adati timalalika Khristu wopachikidwa. Mtanda wokhala ndi thupi la Ambuye umaikidwa pa guwa kapena pafupi nalo chifukwa Misa ndi chikumbutso cha nsembe ya pa Kalvare. Kuuka kwake Akatolika amakukondwerera masiku 50 a nyengo ya Pasaka, ndi Lamulungu lililonse.

Nanga mafupa ndi zovala za oyera zimene zimasungidwa?

Pa 2 Mafumu 13:21 mtembo udakhudza mafupa a Elisa, munthuyo n'kudzuka. Pa Ntchito za Atumwi 19:12 anthu ankatenga tinsalu tokhudza thupi la Paulo kupita nato kwa odwala, ndipo ankachira. Vesi 11 likunena wochita zozizwitsazo: Mulungu.

Polycarp, episkopi wa ku Smyrna, ataphedwa cha m'ma 155, Akhristu ake adatola mafupa ake n'kuwasunga, nalemba kuti ndi amtengo wapatali kuposa miyala yokongola. Adani awo adaopa kuti asiya Yesu n'kuyamba kupembedza Polycarp. Iwo adayankha m'kalata yomweyo kuti Khristu amamupembedza chifukwa ndi Mwana wa Mulungu, koma amaritiri amawakonda monga ophunzira ake. Kuyambira kale Misa inkachitikira pa manda a anthu otere, n'chifukwa chake mpaka lero pansi pa maguwa ambiri pamaikidwa kachidutswa ka zotsala za woyera.

Chinyengo chidalowapo, ndipo chidali chachikulu. Ku Ulaya kudali amalonda ogulitsa mafupa abodza, ndipo otsutsa Mpingo m'zaka za m'ma 1500 sadaname pamene ankaseka zimenezi. Msonkhano wachinayi wa ku Lateran mu 1215 udali utaletsa kale kutsatsa malonda zotsala za oyera. Malamulo a Mpingo a lero, pa nambala 1190, amaletseratu kuzigulitsa.

Amasankha ndani kuti uyu ndi woyera?

Papa samulowetsa munthu kumwamba. Amangolengeza kuti Mpingo watsimikiza kuti munthuyo ali ndi Mulungu, ndipo moyo wake ndi wofunika kuutsanzira. Kale anthu a m'dera ndi episkopi wawo ndiwo ankazindikira oyera awo. Woyamba kudziwika kuti adalengezedwa ndi Papa ndi Ulrich wa ku Augsburg, mu 993.

Masiku ano kafukufuku amayamba pakatha zaka zisanu munthu atamwalira, pokhapokha Papa atalola kuti ayambe msanga. Amayambira mu dayosizi, kumene mboni zimafunsidwa ndipo zolemba zake zimaunikidwa, kenaka nkhani imapita ku Rome. Kuti atchedwe Wodala pamafunika chozizwitsa chimodzi, kawirikawiri kuchira kumene madokotala alephera kukufotokoza. Kuti atchedwe Woyera pamafunika chinanso. Wofera chikhulupiriro safuna chozizwitsa choyambacho. Zimatenga nthawi. Amaritiri 22 a ku Uganda, amene pakati pawo pali Charles Lwanga ndi mnyamata Kizito, adaphedwa pakati pa 1885 ndi 1887, adatchedwa Odala mu 1920, ndipo Papa Paul VI adawalengeza oyera mu 1964. Josephine Bakhita wa ku Sudan, amene adagulitsidwa ukapolo ali mwana, adamwalira mu 1947 n'kulengezedwa mu 2000.

Olengezedwawa ndi ochepa chabe mwa onse ali kumwamba. Ena onse, osadziwika maina, amakumbukiridwa pa 1 Novembala.

Kolona, mendulo ndi madzi odalitsidwa, kodi si zithumwa?

Zikhoza kusanduka zithumwa m'manja mwa munthu wosamvetsa. Chithumwa amachiyesa kuti chili ndi mphamvu yakeyake, yogwira ntchito ngakhale mwini wake akhale wotani. Zinthu zodalitsidwa sizili choncho. Dalitso ndi pemphero la Mpingo kwa Mulungu kuti wogwiritsa ntchito chinthucho akumbuke ubatizo wake ndi kutembenukira kwa Iye. Katekisimu pa ndime 2111 amati kuika mphamvu mu chizindikiro chokha, popanda mtima woyenera, n'kugwa m'zikhulupiriro zachabe.

Woyendetsa galimoto amene wapachika kolona pagalasi, koma akuthamanga ataledzera poganiza kuti ngozi singamugwere, wasandutsa kolona chithumwa. N'chimodzimodzi timauthenga tija timayenda pa foni, takuti tumizani pempheroli kwa anthu khumi ndipo zanu ziyenda, mukapanda kutero tsoka likugwerani. Timeneto si chiphunzitso cha Mpingo mpang'ono pomwe, ndipo kutifufuta si tchimo.

Timamva za ziboliboli zolira misozi ndi za Maria kuonekera. Mkatolika ayenera kukhulupirira?

Sakakamizidwa. Mpingo umaphunzitsa kuti zonse zofunika pa chipulumutso zidaululidwa kale mwa Yesu, ndipo palibe uthenga watsopano ungawonjezerepo. Ngakhale malo ovomerezeka monga Lourdes, kumene zidachitika mu 1858, Fatima mu 1917, ndi Kibeho ku Rwanda kuyambira mu 1981, Mkatolika akhoza kukhala moyo wake wonse osapitako kapena kuwaganizira, n'kukhalabe Mkatolika wathunthu. Za ku Kibeho zidavomerezedwa mu 2001, patatha zaka pafupifupi 20 akufufuza. Nkhani zambiri zotere sizivomerezedwa n'komwe, makamaka pakaoneka kuti wina akupezerapo ndalama. Malamulo atsopano amene Vatican idatulutsa mu Meyi 2024 adakhwimitsanso kafufuzidwe kake.

Bwanji zithunzi zambiri zimaonetsa Yesu ndi Maria ngati azungu?

Chifukwa zambiri zidajambulidwa ku Ulaya, ndipo mmisiri amajambula nkhope zimene amaziona. Mabuku anayi a Uthenga Wabwino sanena kutalika kwa Yesu, khungu lake kapena tsitsi lake. Chodziwika n'chakuti adali Myuda wa ku Galileya. Akhristu a ku Ethiopia akhala akumujambula ndi nkhope ya kwawo kwa zaka mazana ambiri, ndipo chithunzi cha Maria cha ku Guadalupe m'dziko la Mexico chili ndi khungu loderako. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udanena mu 1963 kuti Mpingo ulibe kajambulidwe kamodzi kamene ungati ndi kakekake, ndipo luso la mtundu uliwonse lili ndi malo. Udaonjezanso kuti zithunzi m'tchalitchi zisachuluke mopyola muyeso, ndipo zisanjidwe mosasokoneza anthu.

Kodi Mkatolika angathe kukhala osapempha oyera, osasunga chithunzi m'nyumba?

Angathe. Msonkhano wa ku Trent udati kupempha oyera n'kwabwino ndi kothandiza, sudati ndi lamulo kwa munthu aliyense payekha. Kupemphera kwa Atate mwachindunji m'dzina la Yesu ndiwo mtima wa pemphero lonse la Mpingo. Chimene Mkatolika sangachite ndi kunena kuti anzake amene amapempha oyera akupembedza mafano.

Chiboliboli chodalitsidwa chikasweka, tichite nacho chiyani?

Kusweka kwake si tsoka, ndipo si chizindikiro cha kanthu kalikonse. Ngati chingakonzeke, chikonzeni. Ngati sichingatheke, musachiponye kudzala pamodzi ndi zinyalala, poti chidapatulidwira ntchito ya Mulungu. Chizolowezi cha Mpingo n'chakuti zoyaka, monga zithunzi za pepala ndi mitanda yamtengo, zitenthedwe ndipo phulusa lake likwiriridwe, pamene zosayaka zikwiriridwe pamalo posapondedwapondedwa. Ngati mulibe malo otero, pitani nazo ku parishi mukapereke kwa wansembe.